Kabureta ya njinga yamoto: kudziwa vuto lake ndi kulikonza pakhomo

M'madera a Likuni, Mitundu ndi Nathenje m'boma la Lilongwe, njinga yamoto idaleka kalekale kukhala chinthu chodzionetsera. Ndiyo imatenga odwala kumidzi kupita nawo kuchipatala cha mishoni cha Likuni, imanyamula matumba a mtedza ndi soya kupita kumsika wa Mitundu, ndiponso imatula apaulendo pamsewu wa M1 pa Nathenje kuti akwere mabasi a ku Dedza ndi ku Blantyre. Kwa wakabaza, tsiku lomwe njinga yakana kulira ndi tsiku lomwe pakhomo pasowa ndiwo, ndipo ngati njingayo ndi ya bwana, ndalama ya tsikulo imafunikabe.

Njinga ikayamba kuvuta kulira, kudukiza kapena kumwa mafuta mopitirira muyeso, chala chimathamangira kuloza kabureta, ndipo ambiri amayamba n'kupotokola timasikuluu take. Komatu kabureta ilibe ziwalo zambiri zotha msanga. Kawirikawiri chomwe chimaidwalitsa ndi zinthu zolowamo: fumbi, madzi ndi mafuta akuda. Choncho ndondomeko yoyenera ndi kufufuza kaye, kenako kutsuka, ndipo kutchuna kubwere pomalizira. Wosintha ndondomekoyi amangobisa matenda mmalo mowachiza.

Ntchito ya kabureta

Petulo sayaka payekha mu injini, amafuna mpweya. Kuti apse bwino, pamafunika makilogalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Izi zikutanthauza kuti pa lita imodzi iliyonse ya petulo, injini imameza malita a mpweya oposa 9,000. Kabureta ndiyo imasakaniza ziwirizi pamlingo woyenera.

Pisitoni ikamatsika, imakoka mpweya kudzera m'khosi la kabureta. Pakati pa khosilo mpopapatiza, ndipo monga madzi a mumtsinje amathamanga pamene mtsinje wachepa, mpweya nawo umathamanga pamalopo. Kuthamangako kumayamwa petulo kuchokera m'kambale ka pansi kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo petuloyo amasanduka ngati nkhungu n'kulowa mu injini.

Petulo akachuluka mumsakanizowu, tinene kuti injini yakhuta: imatulutsa utsi wakuda, imalemera poyenda ndipo imawononga mafuta. Petulo akaperewera, injini ili ndi njala: imatentha kwambiri, imatsamwa ndipo ikhoza kupsa. Pafupifupi vuto lililonse la kabureta limagwera mbali imodzi mwa ziwirizi.

Ziwalo zofunika kuzidziwa

Kambale ka pansi ndi mosungira petulo wochepa wodikira kulowa mu injini. M'kambalemu muli kanthu koyandama kotchedwa float, kamene kamakankha kasingano kotseka njira ya petulo kambaleko kakadzadza, monga zimachitikira m'thanki ya madzi ya chimbudzi chogejemula.

Majeti ndi timasikuluu ta mkuwa tokhala ndi bowo loyezedwa bwino. Jeti yaing'ono, yomwe amakaniko amati pilot jet, imadyetsa injini pamene njinga ikulira chiimire ndi pamene mwangoyamba kupereka moto. Bowo lake silifika theka la milimita, n'chifukwa chake ndiyo imayamba kutsekeka. Jeti yaikulu, main jet, imagwira ntchito moto ukaperekedwa wonse.

Pakati pa magawo awiriwa pamalamulira singano yaitali yosongoka, yolendewera pa kachitseko kotchedwa slide. Woyendetsa akapotokola chogwirira cha kumanja, kebulo imakweza kachitsekoko pamodzi ndi singano, ndipo mpweya ndi petulo zimalowa zochuluka.

Kunja kuli timasikuluu tiwiri: kena kamakweza kapena kutsitsa kaliridwe ka injini njinga ili chiimire, kena kamasintha msakanizo wa petulo ndi mpweya pa kaliridwe komweko. Palinso choke, yomwe imakhutitsa injini mwadala kuti ilire msanga ikazizira.

Kudziwa chiwalo chomwe chimalamulira gawo lililonse ndi theka la ntchito. Vuto likamaoneka njinga ili chiimire kufikira kota ya moto, ganizirani jeti yaing'ono. Likamaoneka pakati, ganizirani singano. Likamaoneka moto uli wonse, ganizirani jeti yaikulu kapena kabweredwe ka petulo kuchokera kuthanki.

Mitundu yomwe imapezeka kuno

Njinga zambiri za kabaza, monga Lifo, King Lion, Lifan, Bajaj Boxer ndi TVS, nzopangidwa ku China ndi ku India, ndipo injini zake nzapakati pa 100cc ndi 150cc. Zambiri za ku China zidatengera mapangidwe a injini za Honda, makamaka CG125 yomwe idatuluka m'zaka za m'ma 1970. Makabureta ake kawirikawiri amalembedwa PZ ndi nambala, monga PZ19, PZ26 kapena PZ27, ndipo nambalayo imasonyeza kukula kwa khosi lake m'mamilimita. Pogula ina kapena zida zake, nambalayi ndiyo muyenera kupita nayo kusitolo.

Masikuta, omwe sasintha magiya ndi phazi, ambiri ali ndi kabureta yamtundu wina yomwe pamwamba pake pali chivundikiro chozungulira chokhala ndi labala wopyapyala mkati. Za mtunduwu zafotokozedwa pamutu wakewake m'munsimu. Njinga zina zatsopano zilibiretu kabureta chifukwa petulo amapoperedwa ndi pampu yamagetsi molamulidwa ndi kakompyuta. Zotere mukatsegula kiyi mumamva kaphokoso ka pampu m'thanki, ndipo malangizo ano sazikhudza.

Adani atatu a kabureta

Woyamba ndi fumbi. Mukangosiya tala wa ku Bunda ndi Mitundu kapena wa M1 n'kulowa m'midzi ya kufupi ndi Malingunde ndi Dzalanyama, misewu ndi yadothi, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba fumbi limakhala lochita kutseka maso. Mpweya wonse uja womwe injini imameza umadutsa pa fyuluta imodzi. Fyuluta ikatsekeka, injini imakhuta petulo. Ikang'ambika kapena ikachotsedwa, fumbi limalowa n'kutseka tinjira ta mpweya m'kabureta, limadya singano ndi kachitseko, ndipo limakapala pisitoni ndi maring'i ngati sandipepa.

Wachiwiri ndi madzi. Kuyambira mu 1982, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe amapangidwa ndi kampani ya Ethco ku Dwangwa komanso PressCane ku Chikwawa. Petulo wotere amayendetsa njinga bwinobwino, koma ethanol ali ndi khalidwe lokoka chinyezi. Madzi akachuluka, amapatukana ndi petulo n'kukhazikika pansi pa thanki ndi pansi pa kambale ka kabureta, pomwe majeti amayamwira. M'dzinja madzi amalowanso kudzera pa chitsekerero cha thanki chomwe labala wake watha, powoloka mitsinje yodzadza, ndi potsuka njinga mothira madzi paliponse. Madzi akakhalitsa m'thanki amabala dzimbiri, ndipo tizidutswa ta dzimbirilo timathera m'majeti.

Wachitatu ndi mafuta akuda. M'midzi yotalikirana ndi malo omwetsera mafuta, ndiponso m'nyengo za kusowa kwa mafuta zomwe zakhala zikubwerezabwereza kuyambira mu 2022, okwera njinga ambiri amagula petulo wa m'mabotolo ndi m'zigubu. Bungwe loona za mphamvu zamagetsi ndi mafuta la MERA limaletsa kugulitsa mafuta popanda chiphaso, ndipo kuonjezera pa za lamulozo, petulo wotere palibe amamuyeza. Akhoza kukhala ndi mchenga, madzi a m'chigubu chosauma, ngakhalenso palafini. Petulo wokhalitsa naye ndi vuto: akauma m'kabureta amasiya utomoni womata womwe umatseka jeti yaing'ono.

Kuyeza petulo n'kosavuta. Thirani pang'ono m'botolo lagalasi loyera, lisiyeni kwa mphindi zingapo. Ngati muli madzi, aoneka pansi ngati mikanda kapena ngati mzere wosiyana mtundu. Donthezaninso pang'ono papepala loyera: petulo weniweni amauma msanga osasiya banga, pomwe wosakaniza palafini kapena dizilo amasiya banga lamafuta.

Musanamasule kabureta

Injini imalira pakakhala zinthu zitatu: msakanizo wa petulo ndi mpweya, moto wa pulagi, ndi mphamvu ya pisitoni yopanikiza msakanizowo. Kabureta imangoyankhira choyambacho. Tsatani ndondomeko iyi musanaigwire.

Choyamba, onani ngati petulo akufika. Tsekani kampopi ka thanki, chotsani paipi pomwe yalowera m'kabureta, ilozetseni m'botolo n'kutsegula kampopiko pa ON kenako pa RES. Petulo azituluka mosadukiza. Akamangodontha, vuto lili pa kasefa ka m'kampopi, pa fyuluta ya petulo kapena pa paipi yopindika.

Chachiwiri, onani kabowo kopumira ka chitsekerero cha thanki. Njinga ikamayenda makilomita angapo n'kuzima, kenako n'kudzalira ikapumula, tsegulani thanki pomwe yazimirapo. Mukamva mpweya ukulowa mofwenthera, kabowoko katsekeka ndi fumbi ndipo petulo akulephera kutsika.

Chachitatu, tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya muone ngati fyulutayo yadzadza fumbi, yanyowa kapena yang'ambika.

Chachinayi, masulani pulagi, ibwezereni pa chipewa chake, igunditseni pa chitsulo cha injini kutali ndi petulo wotayika, ndipo pondani kiki. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati thambo ndipo umathetheka mwamphamvu. Mpata wa pamlomo pa pulagi pa njinga zambiri zotere umakhala mamilimita 0.6 mpaka 0.7.

Chachisanu, mverani kulimba kwa kiki. Ikamatsika mopepuka ngati mulibe kanthu, mphamvu yopanikiza yathawa kudzera m'mavavu kapena m'maring'i, ndipo ngakhale kabureta yatsopano singathandize.

Pomaliza, masulani kasikuluu ka pansi pa kambale, petulo wa mmenemo atsikire m'botolo. Nthawi zambiri madzi ndi zinyalala zimatuluka pomwepo, ndipo njinga imachira popanda kumasula china chilichonse.

Zomwe pulagi imanena

Mlomo wa pulagi ndi mboni ya zomwe zikuchitika mkati mwa injini. Ukakhala wofiirira ngati tiyi wamkaka, msakanizo uli bwino. Ukakhala wakuda ndi mwaye wouma, injini ikukhuta petulo. Ukakhala woyera mbuu ngati phulusa, injini ili ndi njala, ndipo apa mpoopsa kuposa pa mwaye. Ukakhala wakuda monyowa ndi oyilo, pamodzi ndi utsi wotuwa mobiriwira ku ekizozi, injini ikudya oyilo ndipo mlandu si wa kabureta.

Choke nayo ndi chida chofufuzira. Injini itatentha kale, kokani choke pang'ono. Ikayamba kuyenda bwino kuposa kale, ndiye kuti idali ndi njala. Koma njinga yomwe imalira ndi kiki imodzi mmawa wa mu Juni kapena Julayi popanda choke, kenako n'kumalemera ikatentha, imeneyo ikukhuta.

Zizindikiro ndi komwe zimaloza

*Kukana kulira mmawa.* Ngati pulagi ili youma mutaponda kiki kangapo, petulo sakufika: onani choke ndi jeti yaing'ono. Ngati yanyowa petulo, injini yamira. Bwezani choke, perekani moto wonse, pondani kiki kangapo kuti mpweya uumitse mkatimo.

*Kuzima mukangoima.* Kawirikawiri ndi jeti yaing'ono yotsekeka. Kukweza kaliridwe ndi sikuluu kumangophimba vutolo.

*Kulira mokweza osafuna kutsika.* Mwina kebulo ikugwira, mwina mpweya ukulowera malo olakwika. Yang'anani khosi lomwe limalumikiza kabureta ndi injini: labala wake amang'aluka ndi dzuwa, ndipo mabawuti ake amamasuka m'misewu yokumbika. Injini ikulira, gwedezani kabureta pang'ono. Kaliridwe kakasintha, pakuthawa mpweya.

*Kutsamwa popereka moto.* Injini ikamakhala ngati ikufuna kuzima mukangopotokola, ili ndi njala. Ikamabwebweta n'kutulutsa utsi wakuda isanakoke, yakhuta.

*Kutha mphamvu pachitunda kapena paliwiro.* Onani kabweredwe ka petulo, jeti yaikulu, ndi madzi m'kambale.

*Kutaya petulo pa kapaipi ka pansi.* Kasingano ka float sikakutseka, mwina chifukwa cha kachitsotso, mwina nsonga yake yadyeka. Kugogoda kambale ndi chigwiriro cha sikuludiraiva nthawi zina kumachotsa kachitsotsoko, koma vuto likabwerera pafunika kumasula.

*Kuphulikaphulika ku ekizozi mukasiya moto.* Ndi chizindikiro cha njala, kapena cha gasiketi yotha pomwe ekizozi yagwira injini.

*Kumwa mafuta.* Yambani ndi fyuluta ya mpweya ndi choke yosabwerera bwino, kenako singano yodyeka ndi petulo wochuluka m'kambale. Musaiwale kuti matayala opanda mpweya wokwanira, mabuleki ogwira ndi tcheni chouma nazo zimamwetsa mafuta.

Katsukidwe kake

Zida zofunika ndi masikuludiraiva afulati ndi a sitala, masipanala a 8 ndi 10, pulayasi, mbale yachitsulo yoyera, nsalu yosathothoka ulusi, mswachi wakale, mankhwala opopera otsukira kabureta ndi pampu ya njinga yakapalasa. Gwirani ntchitoyi injini itazizira, pamalo opanda mphepo ya fumbi, ndipo jambulani ndi foni gawo lililonse musanalimasule. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ntchitoyi imaonongeka ndi phuma.

1. Tsekani kampopi, khuthulani petulo wa m'kambale, ndipo pukutani kunja kwa kabureta kuti dothi lisagwere mkati.

2. Masulani chivundikiro cha pamwamba n'kusolola kachitseko ndi singano yake. Chotsani paipi ya petulo, masulani mbali ya fyuluta ndi ya injini, ndipo tsekani pakamwa pa injini ndi kansalu koyera.

3. Tembenuzani kabureta n'kumasula kambale. Gwiritsani sikuludiraiva yokwana bwino, pakuti mitu ya timasikuluuti imadyeka msanga.

4. Sololani kachitsulo kogwira float, chotsani float ndi kasingano kake. Igwedezeni pafupi ndi khutu: mukamva petulo mkati, yabooka ndipo pafunika ina. Nsonga ya kasingano ikakhala ndi mzere wodyeka mozungulira, kasinthidwe.

5. Musanachotse sikuluu ya msakanizo, imangeni pang'onopang'ono mukuwerenga kuti yazungulira kangati kufikira itagunda mopepuka. Lembani nambalayo. Poichotsa samalani kasipuling'i, kawashala ndi kalabala kake, zomwe zimatayika mosavuta.

6. Masulani majeti onse awiri, anyikeni m'mankhwala, apopeni ndi mpweya, kenako ayang'anitseni kudzuwa. Bowo lizioneka lozungulira bwino. Musalowetsemo singano yosokera kapena waya wachitsulo, chifukwa mkuwa ndi wofewa ndipo bowo likakula njinga idzamwa mafuta mpaka kale. Ngati chotsekacho chakanirira, gwiritsani ulusi umodzi wa mswachi kapena kawaya kamodzi kofewa ka m'nthambo yamagetsi.

7. Poperani mankhwala m'njira iliyonse ya m'thupi la kabureta ndipo onetsetsani kuti akutulukira mbali ina. Tetezani maso. Mankhwalawa asakhudze ziwalo za labala chifukwa zimatupa.

8. Bwezerani zonse mosakakamiza. Gasiketi ya kambale ikatha, gulani ina. Musamate ndi silikoni kapena sopo, pakuti petulo amazinyenya ndipo zinyenyeswazo zimakatseka majeti omwe mwangotsuka. Kachitseko kali ndi mpata womwe uyenera kulunjika pa kamsomali ka m'khosi, ndipo kazikwera ndi kutsika momasuka.

Ngati mudapeza dzimbiri m'kambale, tsukaninso thanki ndi kasefa ka kampopi. Kupanda kutero, pakangotha sabata mudzamasulanso.

Mlingo wa petulo m'kambale mungauone popanda kumasula. Lumikizani kapaipi koonekera mkati pa potulukira pa pansi pa kambale, kapindireni m'mwamba m'mbali mwa kabureta, njinga itaima chilili, n'kumasula kasikuluu kokhuthulira. Petulo aziima pafupi ndi pomwe kambale kakumana ndi thupi la kabureta kapena pansi pake pang'ono.

Katchunidwe kake

Kutchuna kumachitika pokhapokha kabureta ili yoyera, fyuluta ili m'malo mwake ndipo palibe pothawira mpweya. Bwezerani sikuluu ya msakanizo pa nambala yomwe mudalemba. Ngati idasokonezedwa kale, imangeni mopepuka kenako muimasule kamodzi ndi theka kapena kawiri monga poyambira. Kumanga mwamphamvu kumathyola nsonga yake.

Dziwani mtundu wa sikuluuyo. Ikakhala mbali ya fyuluta, imalamulira mpweya, ndipo kuimasula kumachepetsa kukhuta. Ikakhala mbali ya injini, imalamulira petulo, ndipo kuimasula kumaonjezera petulo.

Yendetsani njinga kwa mphindi 10 kuti itenthe. Kwezani kaliridwe pang'ono, kenako zungulizani sikuluu ya msakanizo kota imodzi, dikirani masekondi angapo mukumvetsera, n'kupitiriza mbali yomwe injini ikulira mokweza ndi mosalala. Mukapeza malo abwino koposa, tsitsani kaliridwe ndi sikuluu inayo kufikira injini ikulira modekha osazima. Pa njinga zambiri zotere ndi pafupifupi 1,400 mpaka 1,500 pa mphindi. Ngati malo abwinowo akupezeka sikuluu itamasuka koposa katatu, kapena itatsala pang'ono kumangika, vuto likadalipo penapake. Pomaliza khotetsani chiwongolero uku ndi uku: kaliridwe kakasintha, kebulo yakokeka ndipo ikhoza kupereka moto yokha pokhota.

Singano yaitali ili ndi timizere, kawirikawiri tisanu, pomwe pamagwira kakilipi. Kutsitsa kakilipi kumakweza singano n'kuonjezera petulo, kukakweza kumachepetsa. Poyambira pabwino ndi pakati. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe mpweya ndi wopepuka ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo 10. Choncho njinga yotchunidwa kumalo otsika imakhuta pang'ono ikafika kuno, ndipo imakhutirapo ikakwera ku Dedza. Kusintha mzere umodzi n'kokwanira, ndipo pulagi iunikidwenso pambuyo pake.

Pali mchitidwe wofinya petulo mwadala pofuna kupulumutsa ndalama: kutsitsa singano mpaka pansi, kuika jeti yaing'ono kuposa yake, kapena kuboola bokosi la fyuluta. Injini za njingazi zimaziziritsidwa ndi mphepo yokha, ndipo njala ya petulo imazitenthetsa kwambiri, makamaka mu Okutobala njinga itanyamula anthu awiri ndi katundu. Mapeto ake ndi vavu yopsa kapena pisitoni yobooka, ndipo mtengo wokonzera umameza zonse zomwe zidapulumutsidwa.

Za masikuta

Masikuta ambiri a ku China ali ndi injini yotchedwa GY6. Pa kabureta yake, kebulo imangotsegula kachitseko kozungulira, pomwe singano imakwezedwa ndi labala wopyapyala uja malinga ndi kukoka kwa injini. Labalayu akabooka, sikuta imalira bwino chiimire koma imakana kuthamanga. Mutulutseni mosamala, muyang'anitseni kudzuwa momutambasula pang'ono, ndipo pobwezera mkombero wake ukhale bwino mumzere wake.

Choke ya sikuta njamagetsi, yokhala ndi mawaya awiri. Injini ikazizira, njira ya petulo woonjezera imakhala yotsegula. Ikalira, magetsi amatenthetsa chipangizocho ndipo kasingano kake kamatuluka n'kutseka njirayo. Kasingano kakakanirira mkati, sikuta imalira bwino mmawa koma imakhuta tsiku lonse. Poyesa, chotsani chipangizocho, chilumikizeni ku batire ya mavoti 12 kwa mphindi zisanu, muone ngati kasingano katalika ndi mamilimita angapo.

Kampopi ka petulo pa masikuta ambiri sikatsegulidwa ndi dzanja. Kamatseguka ndi kukoka kwa injini kudzera m'kapaipi kochokera pakhosi la injini. Kapaipiko kakang'aluka, petulo safika ndipo mpweya wolakwika umalowa. N'chifukwa chakenso sikuta yomwe mwangotsuka kabureta imafuna kuizunguza kangapo kuti kambale kadzadze.

Bokosi la fyuluta ya sikuta lili mmunsi, pafupi ndi tayala lakumbuyo, pomwe fumbi ndi madzi zimachuluka, choncho liziunikidwa pafupipafupi. Potchuna, imikani sikuta pa mwendo wapakati. Tayala lakumbuyo likamazungulira lokha, kaliridwe kakwera. Ndipo ngati injini ikukuwa koma liwiro palibe, vuto lili pa lamba ndi zida zake, osati pa kabureta.

Chitetezo

Petulo amayaka ndi nthunzi yake, yomwe imayenda pansi n'kukafika pa moto womwe uli patali. Gwirani ntchitoyi panja, kutali ndi mbaula, khitchini, kandulo ndi osuta fodya, ndipo ana asayandikire. Musasunge petulo m'botolo la chakumwa pomwe mwana angalifikire. Musayamwe petulo ndi pakamwa, chifukwa akalowa m'mapapo amavulaza kwambiri. Khalani ndi ndowa ya mchenga pafupi. Madzi sazimitsa moto wa petulo, amangowufalitsa. Musalize injini m'nyumba yotseka, pakuti utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosanunkha. Ndipo pakuti ambiri amagoneka njinga m'nyumba poopa akuba, njinga yomwe ikudontha petulo isalowe m'nyumba kufikira itakonzedwa, ndipo kampopi kazitsekedwa usiku uliwonse.

Nthawi yopita kwa makaniko

Safunsa adadya phula. Ngati kiki ili yopepuka, ngati utsi ndi wa oyilo, ngati pulagi ilibe moto ngakhale mwaika yatsopano, kapena ngati mwatsuka bwino kawiri koma vuto silikusintha, pitani kugalaja. Chimodzimodzi oyilo wa mu injini akamanunkha petulo kapena akachuluka yekha: petulo wosefukira watsikira mu injini, ndipo oyiloyo asinthidwe njinga isanayendenso. Kachitseko kakamagwedera m'khosi mwake, kapena thupi la kabureta likang'aluka, kutsuka sikungathandize. Pogula ina, tengani yakaleyo mukayerekeze kukula kwa khosi, mpata wa mabawuti ndi manambala a pa majeti, chifukwa kabureta yaikulu kuposa mlingo siwonjezera mphamvu koma mavuto.

Kupewa

M'nyengo ya fumbi, wakabaza woyenda tsiku ndi tsiku m'misewu yadothi aziunika fyuluta ya mpweya sabata iliyonse. Yasiponji imachapidwa ndi palafini kapena madzi a sopo, kuumitsidwa bwino, kudonthezedwa oyilo woyera pang'ono n'kufinyidwa. Yapepala sichapidwa ndipo siithiridwa oyilo. Imangokutumulidwa, ndipo ikada imasinthidwa. Pakati pa thanki ndi kabureta paikidwe kafyuluta ka petulo koonekera mkati. Kambale kazikhuthulidwa kamodzi pamwezi, ndiponso njinga ikavumbwa kwambiri kapena ikawoloka madzi akuya. Petulo wokayikitsa azisefedwa ndi nsalu yoyera ndi kuyezedwa m'botolo asanalowe m'thanki. Njinga ikamakhala mwezi kapena kuposerapo osayenda, tsekani kampopi n'kukhuthula kambale kuti petulo asaumiremo.

Zonsezi zimatenga mphindi zochepa ndipo sizifuna ndalama zambiri. Kabureta yomwe ikulandira mpweya wosefedwa ndi petulo woyera imatha miyezi yambiri osafuna sikuludiraiva, ndipo mwini wake amakhala pa siteji akudikira makasitomala mmalo mokhala pagalaja akudikira makaniko.